Busita ya Malemu Shaba

Tadala ndi Mphatso, ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti zinatheka bwanji kuti bambo anu, munthu amene anagwira ntchito ya kasitomu moyo wake wonse, akamalizire m'nyumba yosungira katundu wogwidwa pa Boma, kumapirikitsa makoswe m'matayala akale. Mayi anu mukawafunsa amangoti, "Afunseni eni ake, ndiwo akudziwa chimene anachita." Lero ndikuyankhani. Za ubwana wanga ku Dowa ndazilumpha dala, munazimva mpaka kutopa nazo.

Zaka za m'ma 1980, chipata changa choyamba

Ntchito ndinayambira pa chipata china cha kummwera, kumene kutentha kwake kunkaumitsa inki pa chidindo usanadinde. Bwana wanga woyamba anali a Chikopa, munthu wamfupi, waukali, amene madalaivala ankamuopa chifukwa sankalandira ngakhale nthochi yaulere. Tsiku loyamba anandiponyera patebulo buku lalikulu lomanga ndi chingwe cha nsapato. "Ili ndi buku la tarifi," anatero. "Umu muli chilichonse chimene munthu angalowe nacho m'dziko muno, kuyambira singano mpaka ndege. Chilichonse chili ndi nambala yake, ndipo nambalayo ndiyo imanena msonkho wake. Ukaphonya nambala waba. Kaya wabera boma, kaya wabera mwini katundu, kuba n'kumodzi." Ine ndinkaganiza kuti ntchito ya kasitomu ndi kuvala yunifomu n'kumatsegula masutikesi a anthu. 

Buku linali limodzi ofesi yonse, masamba ena atathothoka, ena atadyedwa ndi mphemvu. Kaboni wolembera makope tinkamugwiritsa ntchito mpaka kumaonera dzuwa mwa iye. Koma a Chikopa sankalola kuti kusowa kwa zinthu kukhale chowiringulira. Ukawabweretsera chinthu chachilendo n'kunena dzina limene mwiniwake wakuuza, ankakuyang'ana ngati waba nkhuku. "Usamafunse kuti chimatchedwa chiyani, dzina anthu amanama nalo. Funsa kuti chimagwira ntchito yanji." Mawu amenewo ndinayenda nawo zipata zonse. Masiku amenewo chaputala 85 cha bukulo, chimene muli zipangizo zamagetsi ndi zoyankhulirana, ndinkachitsegula mwa apo ndi apo, munthu akabwera ndi wailesi kapena telefoni ya waya.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ku Mzimba

Nditazungulira zipata zingapo, anandisamutsira kuno ku Mzimba, pa kachipata ka kumalire ndi Zambia, kummwera kwa boma lino. Mayi anu analira ngati tikupita kundende, koma lero ndi iwowo amene safuna kumva zobwerera ku Dowa. Nyumba tinapeza pa Boma kuti inu muzipita kusukulu, ine n'kumagona kuchipatako pakati pa sabata. Chitumbuka ndinkangodziwa "yewo", ndipo ndinkayankha yemweyo kwa aliyense, ngakhale wonditukwana.

Sizinanditengere nthawi kuzindikira kuti Mzimba ndi Joni zili ngati mudzi ndi munda wake. Mwamuna aliyense wamphamvu zake amakalima kumeneko, akazi ndi ana n'kutsala kuno kudikira zokolola. Zokololazo amabwera nazo ndi matransipota, anthu a magalimoto okoka ngolo amene amasonkhanitsa katundu wa anthu ku Joni n'kudzamugawa khomo ndi khomo. Ena a iwo ankadzera ku Zambia n'kudzatulukira pa ife. M'ngolomo mumakhala mabulangete, njinga, mipando, malata, ndipo nthawi zina mumakhalanso mwini katunduyo, ali m'bokosi.

Kenaka kunabwera mafoni a m'manja, ndipo chaputala 85 chija chinasanduka ndiwo za tsiku ndi tsiku. Foni imodzi yomweyo ili ndi tochi, ili ndi wailesi, ili ndi kamera. Uyipatse nambala ya chiyani? Masamba atsopano a tarifi ochokera kulikulu ankatifika mtundu wa foniyo utatha kale fasho, ndiye tinkalimbana ndi zinthu zamawa ndi buku ladzulo. Chomvetsa chisoni n'chakuti mafoni anachuluka koma netiweki ayi. Mudzi uliwonse unali ndi malo ake oimbirapo, kwina mtengo, kwina mwala, kwina chulu. Ngakhale ife a boma, kuti tiyankhule ndi likulu, tinkakwera pa thanki ya madzi kuseri kwa ofesi, yunifomu ili m'thupi.

Bwana wanga womaliza pachipatapo anali a Lungu. Anali wamng'ono kwa ine, wophunzira bwino, ndipo ndisawanamizire, anali munthu wachilungamo ndi waulemu. Ine ndinali wachiwiri wawo. Ndinali nditatsala pang'ono kupuma, ndipo mukudziwa kuti m'boma giredi imene wapumira ndiyo imakudyetsa mpaka kumanda. Ndinkaiteteza giredi yangayo ngati dzira.

Zaka za m'ma 2010, m'nyengo yachisanu

M'mawa wina ndinapeza lole itaima mbali yathu ya chipata, amayi ali m'mwamba akuimba nyimbo zamaliro chapansipansi. Ankadikira thupi. Dzuwa litakwera pang'ono inatulukira galimoto ya a Hara, transipota amene ndinkadziwana naye bwino, munthu wolongolola koma wosazembetsa katundu. Tsiku limenelo sanaseke. Anandipatsa mapepala a thupi la Yotamu Shaba wa ku Engutwini, amene anamwalira ku Joni atadwala masiku ochepa, ndipo mapepalawo anali bwinobwino. Atavundukula lona ndinaona bokosi lokulunga m'bulangete, litamangidwa ndi zingwe pakati pa mipando ndi njinga za anthu ena. Pambali pake anaika zinthu za malemuyo pazokha: sutikesi, bulangete, majombo ogwirira ntchito, ndi katoni imodzi yomata bwino.

Lamulo limati zinthu zimene malemu ankagwiritsa ntchito zimalowa popanda msonkho. Koma katoniyo inali yatsopano, yosatsegulapo chigulire. Nditadula tepi ndinapezamo kabokosi koyera, eliyo yooneka ngati minga ya nsomba, chingwe chachitali, ndi kasola kakang'ono.

"Ichi n'chiyani, a Hara?"

"Busita iyo, bwana. Eliyo mumamanga pa denga, mbwenu imakoka netiweki kuilowetsa m'nyumba. Munthu kumayimba foni ali pa mphasa."

Tinakhala pansi ndi a Lungu, buku lili pakati. Ngati chinthucho chimangokuza mphamvu ya mafunde, chinali ndi nambala yake, munthu kulipira n'kumapita. Koma ngati chimalandira mafunde n'kuwatumizanso, chinkagwera m'gulu la zipangizo za nsanja za mafoni, ndipo zimenezo sizilowa popanda chilolezo cha oyang'anira mafunde, chifukwa zikhoza kusokoneza netiweki ya anthu ena. Panalinso kasola kaja, kuti tikawerengere pamodzi ndi busitayo ngati chinthu chimodzi kapena pakokha. Ndinafunsa funso la a Chikopa lija, kuti chimagwira ntchito yanji, koma yankho linali lakuti chimagwira zonse ziwiri. Kapepala ka m'katonimo kanali ka m'Chitchaina. A Lungu anagamula kuti thupi ndi zina zonse zipite, katoni yokha itsale mpaka likulu litatiuza nambala yake. Chinali chigamulo chabwino ndipo ine ndinavomereza. Iwo anali ndi msonkhano pa Boma, ndiye pokwera galimoto anandiuza kuti, "A Chisale, ndikudziwa mtima wanu. Katoniyo isatuluke. Mukaitulutsa likhala khosi lanu."

Nditanyamula katoniyo kuti ndikaitsekere, mayi wina anatsika pa lole ija. Anali wochepa thupi, wovala zakuda, dzanja lake lamanzere lopindika pang'ono. Uyu anali NyaMoyo, mkazi wa malemuyo. Sanakuwe, sanandigwire. Anangoyenda n'kukakhala pansi pafumbi, kutsogolo kwa tayala la galimoto ya a Hara, n'kutambalala.

"Katoni ikatsala, thupi silichoka pano," anatero.

 Pa ntchito yanga ndinaonapo anthu akumenyana chifukwa cha katundu, ndinaonapo munthu akukana m'bale wake kuti apulumutse matayala, koma namfedwa kutsekereza thupi la mwamuna wake chifukwa cha katoni ndinali ndisanaonepo. Ndinapsa mtima, chifukwa ndinkaona ngati ndi dyera. "Mayi, mukufuna amuna anu aolere pachipata pano chifukwa cha chinthu cha pulasitiki?"

Anandiyang'ana osaphethira. "Adada, ndapota. Anyamuka nayo ku Joni, ayenda nayo msewu wonse. Mukufuna akafike kwawo manja lende? Yayi."

A Hara anandikokera pambali n'kundifotokozera. Kumudzi kwa a Shaba netiweki inkapezeka pamwamba pa chulu chimodzi chokha, kuseri kwa dimba. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, NyaMoyo ankakwera pachulupo kudikira foni ya mwamuna wake, zaka ndi zaka. Dzinja lina anaterereka mvula ikugwa n'kuthyoka dzanja, ndipo silinalumikizike bwino. Mwamunayo atamva analumbira kuti mkazi wake sadzakweranso chulu. Anadzimana mpaka anagula busitayo, n'kupangana ndi a Hara kuti aitenge pa ulendo womwewu. "Anandiimbira yekha, bwana, kuti ndimusungire malo a katoni imodzi," anatero a Hara. "Sindinadziwe kuti ndisunganso malo a mwiniwake."

Dzuwa linafika pamutu. Thupi linali litakhala nthawi yaitali pamsewu, ndipo aliyense pachipatapo anayamba kudziwa zimenezo popanda womuuza. Ntchentche zinayamba kuzungulira lona. Abale anamunyengerera NyaMoyo, mkulu wa banjalo anamukalipira m'Chitumbuka, amayi anayesa kumudzutsa, koma iye anangokhala ngati chitsa. Kumudzi manda anali atakumba kale. Ndinakwera pa thanki kuti ndiimbire a Lungu, foni yawo yotseka. Ndinaimbira kulikulu, anandiuza kuti ndilembe kalata. Nditatsika ndinapeza amayi aja asiya kuimba, onse akungondiyang'ana ine.

Pali mpata umodzi m'malamulo athu. Ofisala akhoza kutulutsa katundu mongoyembekezera chigamulo cha likulu, bola katunduyo adzapezeke tsiku limene adzafunidwe, ndipo chikole chake ndi siginecha ya ofisalayo. Ndinagwada pafumbi pafupi ndi NyaMoyo n'kumuuza zinthu zitatu: chinthucho asachiyatse, asachigulitse, ndipo a kulikulu akadzachifuna adzachipereke. Ndinamuuzanso poyera kuti chikadzasowa, amene adzavutike ndine. A Hara anabwereza zonsezo m'Chitumbuka kuti pasadzakhale zoti sindinamve.

"Ndamva, adada. Yewo chomene," anatero, n'kudzuka.

Ndinasaina. Galimoto zitanyamuka mtima unakhala m'malo. Ndinkaona m'maganizo mwanga chilolezo chitabwera, eliyo ili pa denga, amayi a m'mudzi wonse akuyankhula ndi amuna awo a ku Joni atakhala pakhonde la NyaMoyo. Ndinadziona ngati munthu wabwino kwambiri.

Mawa lake, ku Engutwini

Linali Loweruka, ndiye ndinakwera njinga yamoto kupita kumaliroko, poti maliro n'kulirana. Anthu anali ambiri, ndipo anandilandira ngati m'bale, kundikhazika pa mpando pakati pa akuluakulu. Ulaliki utatha tinapita kumanda. Bokosi litatsitsidwa, anyamata anabweretsa sutikesi ija, bulangete ndi majombo. Mkulu wa banja anang'amba bulangete m'mphepete, n'kuboola majombo ndi mpeni, kenaka zonse n'kuzitsitsira m'manda. Bambo wina amene ndinaima naye anandinong'oneza kuti, "Kuno mwamuna amapita ndi zake. Timayamba taziononga kuti pasapezeke wosirira n'kudzafukula." Ndinagwedeza mutu, chifukwa ngakhale kwathu mbale ndi chikho cha munthu timazisiya pamanda. Ndinali ndisanaganizebe kanthu.

Ndiye gulu linapatuka, ndipo ndinaona NyaMoyo akubwera, amayi awiri atamugwira m'mbali, katoni ija ili pamutu.

 Ndinadziuza kuti mwina akungofuna kuionetsa kwa anthu, kuti aone zimene mwamuna wake anamugulira. Koma anaitula m'mphepete mwa manda n'kuitsegula yekha. Mkulu uja anatenga kasola n'kukamenya ndi msana wa khasu, phwaa! Eliyo anaipinda pabondo ngati nkhuni. Chingwe anachidula pawiri. Kabokosi koyera kaja NyaMoyo sanalole kuti munthu akakhudze. Anagwada n'kukapereka ndi manja awiri kwa amene anali m'dzenje, ndipo iwo anakaika kumutu kwa bokosi.

 Ndikanati chiyani, ana anga? "Imani, katunduyo akudikira nambala"? Pamaso pa khamu lonselo, nyimbo ili pakati?  Ndili chiimire choncho ndinamva m'busa akuti, "Tili ndi bwana wa kasitomu pakati pathu, amene anatichitira chifundo dzulo. Abwere aponye dothi." Anthu anandipatsa njira, ena akuti yewo, yewo. Ndinayenda ngati wogwidwa ndi malungo, ndinatapa dothi, ndinayang'ana pansi, ndipo kabokosi kaja kanali pompo, koyera mbee. Ndinakaponyera dothi ndi dzanja lomwe lija ndinasainira.

Lolemba ndinawauza a Lungu zonse. Poyamba anaseka, akuyesa nthabwala. Ataona nkhope yanga anavula magalasi n'kukhala pansi. "Mukuti anachikwirira? Pansi?" Ndinati eya. "Inu muli pomwepo?" Ndinati ndinathandiza nawo. Kenaka anati, "Ine sindinama m'lipoti, a Chisale, ndipo inunso simungafune kuti ndiname. Tingopemphera kuti kulikulu aiwale." Pa zinthu zonse zimene tinawalembera a kulikulu m'zaka zimenezo, za mayunifomu, za denga lodontha, za masamba a tarifi, ichi chokha ndicho sanaiwale.

Mvula yoyamba ya chaka chomwecho

Anatitumizira a Matewere, ofisala wofufuza, munthu wa tayi ndi nsapato zonyezimira. Anabwera ndi chigamulo chakuti busitayo ndi chipangizo cholandira ndi kutumiza mafunde, chosaloledwa popanda chilolezo, ndipo chiperekedwe kuti akachipime. Lipoti la a Lungu anali ataliwerenga koma sanalikhulupirire. Ndipo sindiwada, chifukwa ofisala akati katundu anakwiriridwa kumanda, wofufuza aliyense wanzeru amamva kuti katundu anagulitsidwa. "Tiyeni mukandionetse," anatero. Tinakwera galimoto ya boma atatu, matope mpaka m'mawindo.

NyaMoyo tinamupeza akubzala chimanga kuseri kwa nyumba. Anatiyalira mphasa, anatipatsa moni mmodzimmodzi atagwada, kenaka a Matewere anayamba.

"Mayi, munauzidwa kuti chipangizocho chidzafunidwa?"

"Ndinauzidwa."

"Munamvetsa bwino? Kapena chinavuta ndi chiyankhulo?"

Apa ndinaona kuti akunditsegulira kakhomo, ndipo ndinamuyang'ana mayiyo ndi maso opempha. Koma iye anati, "Yayi, bwana. Adada awa anandiuza m'Chichewa, a Hara anandiuza m'Chitumbuka. Ndinamva zonse."

"Nanga chili kuti?"

Anadzuka n'kutitsogolera kumanda. Dothi linali litatsika ndi mvula, udzu utayamba kumera. Analoza kumutu. "Chili apo. Ngati boma likuchifuna, makasu alipo. Koma mukumbe nokha."

A Matewere anayang'ana mandawo, anayang'ana ine, anayang'ana a Lungu. Anafunsa amuna awiri amene anatitsatira, ndipo onse anavomera kuti anaona ndi maso awo, wina n'kuwonjeza monyadira kuti bwana wa kasitomuyu ndiye anayamba kuponya dothi. Munthu wa tayi uja anagwira pakamwa. "Zaka zonsezi ndafufuza katundu wobisidwa m'matanki a mafuta, m'matumba a ufa, m'matayala," anatero, "koma izi ndiye ayi." Anati sangagamule yekha, ayenera kuimbira bwana wake pompo. Anatulutsa foni, anaikweza m'mwamba, anazungulira nayo uku ndi uku. Netiweki panalibe.

"Tiyeni," anatero NyaMoyo.

Chulucho chinali chachitali kuposa nyumba, ndipo m'mbali mwake munali timayenje topondamo tosalala ndi mapazi a anthu. A Matewere anayesa kukwera ndi nsapato zawo, anaterereka, anazivula, anakwera ndi sokosi. NyaMoyo ankawalangiza ali pansi. "Pamwamba penipeni, bwana. Mupenye kumene kuli mtengo wa muwanga uko. Musasunthe mutu, mbwenu idula." Ine ndi iye tinaima m'munsi moyandikana, a Lungu ali chapatali.

Pachulu munthu sanong'ona. Kuti akumve kumene ukuimbirako uyenera kukuwa, ndiye zonse zimene a Matewere ankanena zinkamveka mpaka kumadimba. "Eya bwana, ndaona ndi maso anga! Ayi, sanagulitse! Chili m'manda! M'manda, bwana, pamodzi ndi mwiniwake!" Anakhala chete akumvetsera. "Ayi, kufukula sizingatheke!" Anakhalanso chete, nthawi yaitali ndithu, ndipo ndinaona akutembenuza maso okha kundiyang'ana, mutu osausuntha. "Anachenjezedwa, eya! Siginecha ndi yawo!" Kenaka mawu awo anatsika pang'ono, koma ndinawamva bwinobwino. "Aimitsidwe kuyambira lero. Giredi itsike. Ndamva, bwana."

Umo ndi mmene ndinamvera za kutha kwanga, ana anga, kuchokera pamwamba pa chulu, kwa munthu wovala sokosi zamatope, mudzi wonse ukumva nawo. Sindinalire. Ndinangomva m'makutu kulira ngati mwalowa udzudzu. Mkwiyo umene ndinaumeza kumanda tsiku lija unabwerera wonse, ndipo ndinatembenukira kwa mayiyo. "Mwamva? Ndinakugwadirani pafumbi, ndinakuuzani kuti amene adzavutike ndine. Ndinakulakwirani chiyani? Mukanachisiya m'nyumba, chikanathandiza mudzi wonse uno!"

 Maso a NyaMoyo anali pamwamba pa chulu, pamene a Matewere ankafunafuna popondera kuti atsike.

"Pamene aima abwanawo, ndi pamene ndinaima ine," anatero. "Linali Lamulungu. Foni inalira, ndinayesa ndi amuna anga. Anali mnzawo wogona nawo chipinda chimodzi. Anandiuza kuti atisiya, mbwenu sindinamve bwino, ndinati abwereze. Anabwereza mokuwa. Ndinatsika ndekha, ndi dzanja limodzi ili." Anatembenukira kwa ine. "Chinthu chija anagula kuti ndiziwamva iwo ndili m'nyumba. Mukanafuna ndizigona nacho, chizindikokera mawu a amuna a anzanga onse, kupatula awo? Ndinadziwa kuti ndikukupwetekani, adada. Ndinadziwa pachipata pomwe paja, pamene munkasaina. Pepani chomene. Koma sindikanatha."

 Funso la a Chikopa lija ndinalifunsa kwa a Hara, ndinalifunsa kwa buku, ndinalifunsa kulikulu, kuti chinthucho chimagwira ntchito yanji. Kwa mayiyu sindinalifunse.

Tili pafupi kukwera galimoto, NyaMoyo anatiuza kuti tidikire. Analowa m'khola n'kutuluka ndi thadzi lalikulu lofiira, miyendo atalimanga ndi luzi, ndipo anagwada n'kundipatsa ine. Ndinafuna kukana, koma a Matewere, amene ankapukuta sokosi zawo paudzu, anati, "Landirani, a Chisale. Panopa simuli pa ntchito, si chiphuphu." Ulendo wonse wobwerera pa Boma ndinakhala kumbuyo, nkhuku ili pamiyendo, pafupi ndi munthu amene wangondiimitsa ntchito.

Atandibwezera pa ntchito anandiika ku nyumba ya katundu wogwidwa ija, ndipo ndinapumira komweko pa giredi yotsika. Mayi anu anakhala nthawi osandiyankhula bwino, ndipo anali ndi chifukwa, poti penshoni imene tikudyayi ndi imeneyo. Nsanja ya netiweki anadzaimanga kufupi ndi ku Engutwini patapita zaka zingapo, ndipo ndimamva kuti chulu chija anachigumula n'kuumba njerwa.

Tsiku limene anandiimitsa ntchito lija nonse awiri munali pakhomo, pa holide. Munandiona ndikutsika galimoto ya boma pakati pa sabata, nkhuku ili kukhwapa, ndipo munaombera m'manja kuti adadi abwera ndi ndiwo. Iwe Mphatso ndiwe unaipha, ndipo munakangana ndi mlongo wako polimbirana nthutumba. Munandifunsa kuti bwanji sindikudya, ndinati ndakhuta. Nkhuku imene munadya ija inali ya NyaMoyo.